Foni yakale, browser yopepuka ndi malo a Chichewa pa intaneti

Foni zochuluka zimene olankhula Chichewa amawerengera nkhani zinadutsa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Ina inatumizidwa ndi mbale wa ku Johannesburg, ina inagulidwa pa benchi mumsika wa Limbe kapena wa Kamwala ku Lusaka. Galasi lake lili ndi mng'alu, batire limatha dzuwa lisanapendeke, ndipo malo osungira zinthu anadzaza kalekale ndi zithunzi za ukwati ndi za maliro. Pa foni yotere browser yaikulu ngati Chrome imatsegula tsamba mokwawa, nthawi zina n'kungozima yokha. Mwini wake amathawira ku browser yopepuka, kawirikawiri Opera Mini, ndipo zinthu zimayambanso kuyenda. Ambiri amaiona nkhaniyi ngati ya amisiri okonza mafoni okha. Komatu ikukhudza chinenero mwachindunji, pakuti munthu amene tsamba lakana kumutsegukira sawerenga Chichewa cholembedwa pamenepo, ndipo sayankhanso kanthu kuti ena adzawerenge.

Opera Mini inachokera ku Norway. Kampani ya Opera Software ya mumzinda wa Oslo inayamba kuiyesa mu 2005, ndipo mu January 2006 inaitulutsa kuti aliyense padziko lapansi aigwiritse ntchito. Nthawi imeneyo inkalowa m'mafoni a mabatani okhala ndi Java, monga ma Nokia amene ambiri anayambira kuona intaneti. Nzeru yake ndi yakuti ntchito yolemetsa isachitikire m'foni. Munthu akalemba adiresi ya tsamba, pempho lake limapita ku makompyuta akuluakulu a Opera, otchedwa maseva. Sevayo ndiyo imakatenga tsambalo kwa eni ake, imayendetsa kwa kanthawi kochepa timapulogalamu ta JavaScript timene tili mmenemo, imachepetsa zithunzi, imayala mawu molingana ndi kukula kwa galasi la foni, kenaka n'kutumiza zonsezo zitapanikizidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa OBML. Foni imangolandira chakudya chophikaphika. Eni ake amati njira imeneyi, imene m'pulogalamumo imatchedwa Extreme, imatha kuchepetsa data mpaka ndi 90 peresenti.

Kufunika kwa kuchepetsa kumeneku kumaoneka munthu akawerengetsera. Bungwe la HTTP Archive, limene limayeza masamba mamiliyoni ambiri mwezi ndi mwezi, laonetsa kwa zaka zingapo tsopano kuti tsamba la pakatikati lotsegulidwa pa foni limalemera ma megabyte awiri kapena kuposerapo. Pa mlingo umenewo bandulo ya 100 MB imatha munthu atatsegula masamba pafupifupi 50 okha. Nkhani ya Chichewa ya mawu 2,000, ikakhala zilembo zokhazokha, imalemera ma kilobyte pafupifupi 15, kutanthauza kuti m'katundu wa tsamba limodzi lamasiku ano mungalowe nkhani zotere zoposa 100. Chimene chimadya bandulo ya wowerenga ndi zotsatsa malonda, zithunzi zazikulu, makanema odziyambitsa okha ndi timapulogalamu tolondola zimene munthu akuchita. Mayi wa ku Mchinji amene akufuna kudziwa mtengo wa soya amalipirira mtolo wonsewo, chikhalirecho iye amafuna chiganizo chimodzi.

Pali ena amene amati yankho ndi losavuta: agule foni yatsopano. N'zoona kuti mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, opangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, anatsitsa mitengo ndi kufikitsa Android m'manja mwa anthu ambiri mu Africa. N'zoonanso kuti Google inapanga Android Go, mtundu wopepuka wa Android wa mafoni ochepa mphamvu. Koma foni imaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja. Ku Malawi kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera motsatira. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dzikomo amakhala kumudzi, kumene ndalama yooneka imabwera kamodzi pachaka, nthawi yokolola, ndipo imakhala italonjezedwa kale ku feteleza, fizi ndi malata. Kuuza banja lotere kuti ligule foni ina pofuna kuwerenga nkhani n'kusadziwa mmene bajeti ya pakhomo imayendera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: foni imene ilipo ndi imene iyenera kugwira ntchito.

Chomvetsa chisoni n'chakuti foni yakale imafa isanawonongeke. Makina ake amakhala ali bwinobwino, koma zitseko zimatsekedwa chimodzichimodzi kuchokera kutali. Mu October 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0. Kumapeto kwa chaka chomwecho Chrome yatsopano inasiya kulowa m'mafoni a Android 7. Palinso nkhani ya masatifiketi, imene ambiri saidziwa ngakhale imawapweteka. Tsamba lotetezedwa, limene adiresi yake imayamba ndi https, limaonetsa satifiketi yotsimikiza kuti ndi lenilenidi, ndipo foni imaiyerekeza ndi mndandanda wa mabungwe odalirika umene unaikidwamo popangidwa. Bungwe la Let's Encrypt, limene limapereka masatifiketi aulere ku masamba ochuluka zedi, silili pa mndandanda wa mafoni a Android yakale kuposa 7.1.1. Kwa zaka zingapo linkadutsira pa siginecha ya bungwe lina lakale, koma dongosolo limeneli linatha mu 2024. Kuyambira pamenepo mafoni amenewa amaonetsa chenjezo loopsa pa masamba abwinobwino, ndipo mwini foni amaganiza kuti netiweki yavuta kapena foni yagwidwa ndi vairasi.

Apa browser yodutsira pa seva imapulumutsa munthu kachiwiri. Popeza seva ya Opera ndiyo imalankhula ndi tsambalo, ndi sevayo imene imayang'ana satifiketi, ndipo mndandanda wakale wa m'foni sukhalanso chopinga. Let's Encrypt nayo inalangiza eni mafoni akale kuti aike Firefox, chifukwa browser imeneyo imayenda ndi mndandanda wakewake m'malo modalira wa m'foni. Motero pulogalamu yaing'ono imatalikitsa moyo wa foni imene eni mafakitale anaiwerengera kale kuti ndi zinyalala. Aliyense woiderera browser yopepuka, n'kumaitcha ya anthu otsalira, ayambe waganizira zimenezi.

Komabe walira mvula walira matope. Njira yomweyo imene imapulumutsa data imachititsa kuti zonse zimene munthu akuwerenga ndi kulemba zidutse m'nyumba ya mwini wina. Mu Extreme uthenga umabisidwa pakati pa foni ndi seva ya Opera, n'kubisidwanso pakati pa seva ndi tsamba, koma pa sevapo umayenera kutsegulidwa kuti upanikizidwe. Kampaniyo sinabise zimenezi. Inazifotokoza yokha m'malangizo ake. Tanthauzo lake n'lakuti nambala yachinsinsi ya kubanki, fomu ya pasipoti kapena kalata yokhudza matenda siziyenera kudutsa njira imeneyo ngati pali njira ina. Ndi bwinonso kudziwa mwini nyumbayo. Mu 2016 gulu la makampani a ku China linagula gawo la mabrowser la Opera pa mtengo wa madola pafupifupi 600 miliyoni a ku America. UC Browser, imene inatchukanso pa mafoni ochepa mphamvu, ndi ya Alibaba kuyambira mu 2014. Mu 2015 akatswiri a Citizen Lab ku University of Toronto anaonetsa kuti inkatumiza zinthu zozindikiritsa mwini foni mosabisa bwino, ndipo mu June 2020 boma la India linailetsa pamodzi ndi mapulogalamu ena a ku China. Izi sizitanthauza kuti browser iliyonse yopepuka ndi kazitape. Zikungokumbutsa kuti munthu wosauka kawirikawiri amalipira ndi chinsinsi chake pamene wolemera amalipira ndi ndalama.

Vuto lachiwiri ndi lakuti tsamba lopanikizidwa limakhala ngati chithunzi cha tsamba lenileni. Seva imayendetsa JavaScript kwa kanthawi kochepa chabe, ndiye masamba amene amadalira pulogalamuyo pa chilichonse amafika opanda kanthu kapena opindika. Batani lotumizira fomu limakana kudinika, mndandanda wosankhira boma kapena chigawo sutseguka. Wofunsira ntchito, wofufuza zotsatira za mayeso ndi wolembetsa maphunziro ndi amene amakumana ndi khoma limeneli, ndipo mapeto ake amakwera minibasi kupita kutauni kukalipira pa kompyuta ya munthu wina. Vuto lachitatu ndi gwero la pulogalamuyo. Foni ikakalamba kwambiri mpaka Play Store kusiya kuithandiza, anthu amapatsirana mapulogalamu pa Bluetooth kapena pa Xender, kapenanso kuwatenga pa masamba osadziwika, ndipo fayilo yotere ikhoza kukhala itasinthidwa ndi akuba.

Makampani akuluakulu anayesapo kuthandiza, koma thandizo lawo limabwera ndi kuchoka mmene iwo afunira. Chrome inali ndi njira yakeyake yochepetsera data yotchedwa Lite mode, ndipo Google inaichotsa mu March 2022 ponena kuti data yatsika mtengo m'maiko ambiri. Kumapeto kwa chaka chomwecho inatsekanso Web Light, imene inkapeputsa masamba kwa anthu a netiweki yofooka. Wikipedia Zero, imene inkalola anthu kuwerenga Wikipedia osadula bandulo, inathetsedwa mu 2018. Pulogalamu ya Internet.org ya Facebook, imene pambuyo pake inatchedwa Free Basics, inayambira ku Zambia mu July 2014 mogwirizana ndi Airtel, n'kufika ku Malawi mu 2015. Inkapereka masamba ochepa osankhidwa ndi eni ake, ndipo India inaikana mu February 2016 chifukwa inkasankhira anthu zoti aone. Phunziro lake n'lakuti khomo lolowera pa intaneti likakhala mphatso ya kampani, tsiku lolitseka limasankhidwanso ndi kampaniyo, mu ofesi imene mulibe wolankhula Chichewa.

Chichewa chili ndi mbiri yaitali ya kulembedwa. Chinakhala chinenero cha fuko ku Malawi mu 1968, ndi chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zovomerezeka m'zigawo za Zambia, chimalankhulidwa ku Tete ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anachiika pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka. Centre for Language Studies ya ku Zomba inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo Google Translate inalandira Chichewa mu December 2014. Ngakhale zili choncho, Chichewa chimene munthu angachipeze pofufuza pa intaneti n'chochepa kwambiri pochiyerekeza ndi unyinji wa eni ake. Anthu akulemba ndithu tsiku ndi tsiku, koma zolemba zawo zili m'mauthenga a WhatsApp, m'mawu ojambulidwa ndi m'zithunzi, malo amene makina ofufuzira safikako ndipo mbadwo wa mawa sudzawapeza. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mabandulo a WhatsApp ndi Facebook amakhala otsika mtengo kuposa a intaneti yonse, ndipo masamba otseguka ndi olemera. Tsamba lolemera limakankhira wowerenga kubwerera kumpanda kumene anachokera.

Chizolowezi chofalitsa mawu ngati chithunzi chimaipitsa zinthu koposa. Chidziwitso cha msonkhano, kalata ya mpingo, uthenga wa katemera kapena ndondomeko ya mwambo wa Kulamba umene umasonkhanitsa Achewa a maiko atatu ku Mkaika m'boma la Katete, zonsezi kawirikawiri zimayenda ngati pepala lojambulidwa ndi kamera kapena PDF yosikanidwa. Browser yopepuka imachepetsa ubwino wa zithunzi, ndipo wofuna kusunga data amazizimitsiratu. Zilembo zazing'ono zimasanduka utsi, kapena chidziwitso chonse chimasowa, n'kutsala kabokosi kopanda kanthu. Mawu a m'chithunzi sangakopedwe mosavuta, sangakuzidwe bwino ndi nkhalamba ya maso ofooka, sangawerengedwe mokweza ndi pulogalamu yothandiza osaona, ndiponso sangalowe m'nkhokwe za mawu zimene olemba madikishonale ndi ofufuza zinenero amadalira. Chiganizo cholembedwa ndi zilembo zenizeni chimapulumuka m'makina onse opanikiza, chifukwa mulibe chochotsamo.

Zilembo zenizeni zimathandizanso pa kusiyana kwa kalembedwe pakati pa maiko. Ku Malawi amalemba chimanga, Chichewa ndi chiyani. Ku Zambia ndi ku Mozambique mabuku ambiri amalemba cimanga, Cinyanja ndi ciani. Munthu wa ku Chipata wofufuza malangizo a kasungidwe ka cimanga angathe kuyesa kalembedwe konse kuwiri n'kupeza zimene analemba mlangizi wa ku Lilongwe, pokhapokha ngati malangizowo ali m'zilembo zofufuzika. Chilembo cha ŵ, chimene chimaoneka m'dzina la Malaŵi m'mabuku ena, chili ndi phunziro lakelake. Sichipezeka pa mndandanda wa zilembo za SMS wamba, kotero kuti uthenga umene muli ŵ umasinthira ku dongosolo lina limene limalola zilembo 70 zokha m'malo mwa 160, ndipo wotumiza amalipira mauthenga awiri kapena atatu pa mawu amene akanakwana mu umodzi. Makina amene sanapangidwe moganizira chinenero amachidulira msonkho mwakachetechete, ndipo eni chinenero amasintha kalembedwe kawo osadziwa chimene chawasinthitsa.

Ngakhale dzina la chipangizochi likuonetsa mmene zinthu zilili. Omasulira mapulogalamu ena anayesa mawu akuti msakatuli, ochokera ku mneni kusakatula, koma pamsika ndi pa benchi ya wokonza mafoni anthu amangoti browser, kapena amangotchula Opera ngati dzina la intaneti yonse. Mawu atsopano amamera pamene anthu akuwaona ndi kuwagwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Ngati masamba a Chichewa satseguka pa mafoni amene anthu ali nawo, mawu opangidwa ndi akatswiri adzakhala m'mabuku a akatswiri omwewo.

Udindo waukulu tsono uli kwa olemba ndi ofalitsa. Nyuzipepala, wailesi, mipingo, masukulu ndi mabungwe amene amatulutsa nkhani m'Chichewa ayenera kuyesa masamba awo pa foni yotsika mtengo, ya zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, pa netiweki ya 3G, komanso mu Opera Mini itaikidwa pa Extreme. Mawu a nkhani azifika ngakhale JavaScript itakana kuyenda. Chithunzi chimodzi chochepetsedwa bwino chimakwanira pamene ena amaika khumi, ndipo chizikhala ndi mawu ochifotokoza kuti wozimitsa zithunzi adziwe chimene chinali pamenepo. Kanema asamayambe yekha. Chidziwitso chilichonse chotuluka ngati chithunzi kapena PDF chizilembedwanso pansi pake m'zilembo wamba. Wopanga tsamba aziikamo chizindikiro cha chinenero, chimene pa Chichewa ndi ny, kuti makina ofufuzira adziwe kuti zolembedwazo ndi Chichewa. Palibe chimodzi mwa zimenezi chofuna ndalama zambiri, ndipo tsamba lopepuka limatsika mtengo kulisunga. Zitsanzo zilipo kale: wailesi ya NPR ndi kanema wa CNN ku America ali ndi masamba a mawu okhaokha, amene amathandiza anthu nthawi ya mphepo zamkuntho pamene netiweki yafooka. Dera limene linaona namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 lili ndi chifukwa chokwanira chochitira chimodzimodzi.

Maboma nawo ali ndi gawo lawo. MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia ndi INCM ku Mozambique ndi mabungwe oyang'anira za mauthenga, ndipo nkhani ya mtengo wa data ili m'manja mwawo pamodzi ndi makampani a mafoni. Ku South Africa mfuwu wa #DataMustFall wa mu 2016 unatsatiridwa ndi kafukufuku wa Competition Commission, amene lipoti lake la mu December 2019 linachititsa kuti Vodacom ndi MTN atsitse mitengo ya mabandulo. Kutsitsa mtengo kokha sikungathetse vuto la foni yofooka, koma boma lingathe kulamula chinthu chimodzi chosavuta: tsamba lililonse la ntchito za boma, kuyambira zotsatira za mayeso mpaka mafomu a ziphaso, lizigwira ntchito pa foni yotsika mtengo kwambiri imene ikugulitsidwa m'dzikomo, ndipo lizipezeka m'zinenero za anthu. Ntchito ya boma imene imafuna foni ya mtengo wa matumba angapo a feteleza yasankha kale anthu oti iwatumikire.

Kwa mwini foni yakale malangizo ndi ochepa. Browser yopepuka ndi yabwino powerenga nkhani, pofufuza mitengo ndi posunga masamba kuti awerengedwe pambuyo pake popanda netiweki. Pa za ndalama ndi bwino kugwiritsa ntchito manambala oimba a Airtel Money, Mpamba, MoMo kapena M-Pesa, amene sadutsa pa browser, kapena kuzimitsa Extreme asanalembe nambala yachinsinsi. Pulogalamu itengedwe ku Play Store kapena pa tsamba la eni ake ngati n'kotheka. Chenjezo la satifiketi likaoneka pa tsamba lofuna nambala yachinsinsi, munthu asalidumphe mwachisawawa, pakuti foni yakale siingathe kusiyanitsa tsamba labwino ndi lachinyengo.

Browser yopepuka yagwira ntchito yaikulu kwa zaka pafupifupi 20, ndipo anthu ambiri a m'chigawo chino anawerenga chiganizo chawo choyamba cha pa intaneti kudzera mwa iyo. Koma ndi ya kampani, ndipo mbiri ya Lite mode, Web Light ndi Wikipedia Zero yaonetsa kuti zotere zimatha. Chimene olankhula Chichewa angachilamulire okha ndi kulemera kwa zimene amafalitsa ndi maonekedwe ake. Nkhani yolembedwa m'zilembo wamba pa tsamba lopepuka idzatseguka ku Ntchisi, ku Petauke, ku Ulónguè ndi ku Harare, pa foni yatsopano ndi pa yakale yomwe, kaya Opera Mini ilipo kaya yatsekedwa.